Tulo, phala ndi mafoni: zimene zili m'kamwa mwa anthu ku Maryhill

Mawotchi akangobwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi kumapeto kwa Okutobala, macheza a Amalawi okhala ku Maryhill, dera la kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Glasgow, amasintha mutu. Za kukwera mtengo kwa ufa m'mashopu a zakudya za ku Africa zimayamba zaima kaye, ndale zakumudzi nazo zimapumako. Aliyense amene ali ndi mwana ku sekondale amasanduka katswiri wa maphunziro. Chifukwa chake n'chosabisika: mayeso oyeserera, amene ana kuno amati ma prelim, amalembedwa mu Disembala kapena Januwale, ndipo chakumapeto kwa Epulo kumabwera mayeso enieni, a National 5 kwa a chaka chachinayi cha sekondale (S4) ndi a Higher kwa a chaka chachisanu (S5). Ndiye podikira basi pa Maryhill Road, pamzere wolipira mu Tesco, pakhomo la tchalitchi mapemphero atatha, funso limakhala lomweli: kodi mwana azichita chiyani tsiku ndi tsiku kuti adzakhoze? Sitili ambiri kuno, ife ndi abale athu a ku Chipata, koma mayankho a funsoli ndi ochuluka kuposa ana eni akewo.

Oyamba kutsegula pakamwa amakhala abambo amene analemba MSCE kalekale pasukulu zogonera konko. Mmodzi wa iwo, amene masiku ano amayendetsa thiraki, nkhani yake tonse tinailoweza pamtima. Akuti iwo ankawerenga mapazi ali m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisawabe, ndipo magetsi akazimitsidwa ankatulutsa koloboyi, m'mawa n'kudzuka m'mphuno muli bii ndi mwaye. "Mwana wangayu 10 koloko ikangokwana akuti wakagona. 10 koloko! Ife nthawi imeneyo n'kuti tikutsegula kumene buku la Biology." Akazi awo amawasiya amalize bwinobwino, kenako amafunsa mwaulemu wonse: "Bambo a ana, tawauzani anzanuwa, Biology yakeyo munapeza mapointi angati?" Apa bamboyo amayamba kusuzumira kumsewu ngati basi ikubwera, ndipo tonse timafa ndi phwete.

Amene amayankha nkhani ya beseniyi mosaseka ndi mayi wina wa ku Mulanje yemwe ndi namwino. Iye amati akatswiri a za tulo anagwirizana kalekale kuti wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 amafunika kugona maola 8 mpaka 10 usiku uliwonse. Mwana akatha msinkhu, thupi lake limachedwa kutulutsa melatonin, timadzi tam'thupi timene timaitana tulo. N'chifukwa chake 9 koloko usiku maso amakhala ali gwa, koma m'mawa kumudzutsa imakhala nkhondo. "Si ulesi ayi, achimwene," amatero, "thupi lake likuyendera wotchi ina." Chachiwiri, zimene mwana waphunzira masana, ubongo umazisanja ndi kuzisunga pamene ali m'tulo. Kuwerenga mpaka tambala kulira kenako n'kugona maola anayi kuli ngati kutunga madzi ndi lichero: ntchito waigwiradi, thukuta latuluka, koma kunyumba ufika ndi chinyezi chokha.

Ine pa mkangano umenewu ndili kumbali ya namwinoyu, ndipo ndili ndi chifukwa changa. Tikamanyadira za beseni ndi koloboyi timaiwala kuti zimenezo zinkachitika milungu yochepa yokha mayeso atayandikira. Chaka chonse chinkayenda mwanjira ina. Kwathu dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko chaka chonse, ndipo m'midzi yambiri 8 koloko ikamakwana anthu amakhala atatseka zitseko. Tinkagona mokwanira chifukwa kunalibe china chochita. Tinkayenda wapansi kupita kusukulu, dzuwa likutiwomba, m'mimba muli phala kapena mbatata yootcha. Zimene zinkatikhozetsa ndi zimene sitizitchula n'komwe, chifukwa zinkangobwera zokha. Ku Maryhill palibe chimodzi mwa izi chimene chimabwera chokha. Tulo, dzuwa, kuyenda, ngakhale phala, zonse zimafuna munthu achite kuzikonza dala.

Tengani dzuwa lenilenilo. Mu Disembala ku Glasgow limatuluka cha m'ma 8:45 m'mawa n'kulowa isanakwane 4 koloko masana, ndiye likatuluka n'komwe, poti masiku ambiri kumangokhala mitambo. Mwana amachoka pakhomo kuli mdima, n'kubwerera kukuda. Agogo ena amene anabwera kuchokera ku Dedza kudzaona adzukulu anakhala mlungu wathunthu akufunsa ngati dziko lino linalakwira Mulungu. Atauzidwa kuti boma la Scotland limalangiza aliyense kumwa mamaikulogalamu 10 a vitamini D tsiku lililonse kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ndi kuti ife akhungu lakuda tiyenera kumwa chaka chonse popeza khungu lathu limafuna dzuwa lambiri kuti lipange vitaminiyu, anawomba m'manja: "Ha, dzuwa la m'botolo!" Tsopano ndi iwo amene amaima pakhomo m'mawa ndi kabotoloko, ndipo mdzukulu sadutsa asanameze. Vitamini ameneyu ndi wa mafupa ndi minofu, ndipo mwana wa zaka 15 mafupa ake akukula usiku ndi usana.

Agogo omwewo sanaone za mu Meyi ndi Juni, pamene vuto limatembenuka. Nthawi ya mayeso enieni kunja kumawala mpaka 10 koloko usiku, ndipo 4 koloko m'mawa kwayera kale. Mayi wina wa ku Wyndford, muno mu Maryhill, anachita kupachika bulangeti pawindo la chipinda cha mwana wake, anthu odutsa kunja namaganiza kuti panyumbapo pali zovuta. Anzake anamuseka, koma mwezi usanathe atatu mwa iwo anali atagula makatani ochindikala otchinga kuwala.

Koma nkhani imene imakweza mawu kuposa zonse ndi ya mafoni. Mu Ogasiti 2024 boma la Scotland linatulutsa malangizo olola aphunzitsi aakulu kuletsa mafoni m'sukulu zawo ngati aona kuti n'kofunika, ndipo mu Meyi 2025 sukulu ziwiri za ku Edinburgh, Portobello High ndi Queensferry High, zinayamba kutsekera mafoni a ana m'timatumba tokhoma mpaka nthawi yoweruka. Nkhaniyi itafika kuno, makolo ambiri anati bwenzi ku John Paul Academy ndi ku Cleveden Secondary, kumene ana ambiri a dera lino amapita, atagulanso timatumbato. Koma kusukulu si kumene foni imaonongera zambiri. Imaononga usiku, pansi pa bulangeti, pamene nyumba yonse ikuganiza kuti mwana wagona. Kuonjezera apo khonsolo ya Glasgow inapatsa ana a sekondale ma iPad ophunzirira, ndiye kholo likasuzumira m'chipinda n'kuona nkhope ikuwala, yankho limakhala lokonzeka kale: "Ndikupanga homuweki, mami."

Njira zolimbanirana ndi vutoli ndamva zambiri. Wina amazimitsa intaneti ya m'nyumba 10 koloko, osadziwa kuti mwanayo ali ndi data yake. Wina anabisa foni mu ndowa ya ufa, n'kuiwala, mpaka inalira Loweruka akufuna kuphika nsima. Koma imene inandigwira mtima inachokera kwa mtsikana wa S4 amene anayankha mayi ake modekha: "Mami, foni imene imandidzutsa ine ndi yanu." Zinali zoona. M'nyengo yozizira Malawi amakhala patsogolo ndi maola awiri, choncho achibale akamadzuka 6 koloko ku Ntcheu n'kuyamba kutumiza moni, mavesi ndi mauthenga a maliro pa WhatsApp, kuno ndi 4 koloko m'bandakucha, ndipo makoma a m'mafulati muno ndi opyapyala. Banja limenelo linapangana kuti mafoni onse, kuphatikizapo ya bambo, azigona kukhitchini pa chaja, ndipo anagula wotchi ya alamu yachikale. Ndikuona kuti ndi lamulo lokhalo la mafoni limene lakhalitsa pakati pathu, chifukwa silisankha msinkhu. Amene anavutika nalo kwambiri mlungu woyamba, akutero mayiyo, sanali mwana.

Tikachoka pa tulo timafika pa m'mimba. Apa pali chinthu chimene chimandikhudza nthawi zonse ndikachiganizira. Bungwe la Mary's Meals, limene Magnus MacFarlane-Barrow analiyambitsa kuchokera ku Dalmally m'chigawo cha Argyll kuno ku Scotland, linayamba mu 2002 ndi kudyetsa ana 200 ku Malawi. Maganizo ake anali osavuta kumva: mwana akamwa phala kusukulu amabwera, amakhala, ndipo amamva zimene mphunzitsi akunena. Mpaka lero matchalitchi ndi masukulu a ku Glasgow amasonkha ndalama kuti ana a ku Blantyre ndi madera ena alandire kapu ya phala la Likuni, la ufa wa chimanga ndi soya. Koma mwana wathu wa kuno, amene m'kabati mwake muli oats wodzaza, amatuluka m'nyumba m'mimba muli pululu chifukwa wadzuka mochedwa. Amayi akadandaula amati alibe njala. Pofika 11 koloko mutu ukuwawa, masamu sakulowa.

Eni dziko lino nawonso ndi anthu a phala, ngakhale achikulire awo amathira mchere m'malo mwa shuga, chinthu chimene mayi wina wa ku Nkhotakota amati sadzachimvetsa mpaka kufa. Iyeyo amathira nsinjiro mu oats, ndipo akuti kuyambira pamenepo mapoto amabwerera oyera. Wina amanyika oats mu mkaka usiku kuti m'mawa mwana angotenga supuni. Wina anangogonja n'kumaika nthochi ndi dzira lowiritsa m'thumba la jekete. Zonsezi ndi zabwino, bola mwana asayambe tsiku ndi chitini.

Chitinicho ndiye mdani amene amayi onse amagwirizana pa iye. Ana a sekondale kuno amaloledwa kutuluka pampanda nthawi ya nkhomaliro, ndipo ukadutsa pafupi ndi sukulu nthawi imeneyo umakumana ndi chikhamu cha mayunifolomu, wina tchipisi m'manja, wina soseji ya ku Greggs, wina Irn-Bru. Zimenezo n'zochepa. Zoopsa ndi zakumwa zopatsa mphamvu zodzaza ndi kafeini. Kuyambira mu 2018 masitolo akuluakulu anasiya mwa kufuna kwawo kugulitsa zakumwazi kwa ana osakwana zaka 16, komabe zitini zimapezeka m'zikwama. Namwino uja amafotokoza kuti kafeini sachoka msanga m'thupi: patatha maola pafupifupi asanu, theka lake limakhala likadali m'magazi. Mwana akamwa chitini poweruka, usiku tulo sitibwera. M'mawa watopa, ndiye agulanso china. Mayi wina anapeza zitini zisanu ndi chimodzi zopanda kanthu pansi pa bedi, ndipo mnyamata wake anati akusonkhanitsa za pulojekiti ya kusukulu yosamalira chilengedwe. Nkhani imeneyi inazungulira Maryhill yense tsiku limodzi.

Pofuna kuthana ndi tchipisi, bambo wina anaganiza zomulongedzera mwana wake mkute ndi usipa wokazinga m'kontena. Mwanayo anabwera nayo madzulo osatsegula, n'kunena kuti akanatsegula, kalasi yonse ikanatuluka panja. Anthu anaseka, koma bamboyo sanalakwe kwenikweni. Usipa, nyemba ndi masamba obiriwira zili ndi ayironi, ndipo atsikana amene ayamba kusamba amataya magazi mwezi ndi mwezi. Ayironi akachepa, mwana amangokhala wotopa ndi wosamva za m'kalasi, ife n'kumati wayamba mwano. Ingosungani usipawo kuti ukhale wa madzulo, ndipo tiyi asamamwere pa chakudya pomwepo, chifukwa amalepheretsa thupi kuyamwa ayironi.

Za kuyenda wapansi zimakambidwa kwambiri ndi abambo, ndipo mlandu amaupereka kwa khadi lokwerera basi ulere. Kuyambira mu Januwale 2022 aliyense wosakwana zaka 22 ku Scotland amakwera basi ulere. Makolo tinavina, poti ndalama ya basi inali kutipweteka. Koma tsopano mwana amaima mphindi 15 kudikira basi yoti imutsitse pa siteji yachiwiri, mtunda woti akanayenda mphindi zisanu. Madokotala aakulu a boma amati wachinyamata azichita zolimbitsa thupi pafupifupi mphindi 60 patsiku. Bambo wina wa ku Rumphi, atamva kuti mphunzitsi wamkulu Elaine Wyllie anatchuka dziko lonse chifukwa choyambitsa Daily Mile mu 2012 pa sukulu ya St Ninian's ku Stirling, kumene ana amathamanga kapena kuyenda mphindi 15 tsiku lililonse, anagwira mutu: "Mphindi 15 basi munthu n'kutchuka? Ife amene tinkadutsa mapiri awiri ndi mtsinje, mendulo zathu zili kuti?"

Chonsecho Maryhill ndi malo oyendamo. Ngalande ya Forth and Clyde, imene inatsegulidwa mu 1790, imadutsa pakati penipeni pa derali, ndipo m'mbali mwake muli kanjira kosalala kopanda galimoto. Ukhoza kutsika pa Maryhill Locks n'kukaima pa Kelvin Aqueduct, pamene ngalandeyo imawoloka pamwamba pa mtsinje wa Kelvin, kapena kulowera ku mlatho watsopano wa Stockingfield umene unatsegulidwa mu 2022, kapenanso kupitirira mpaka ku Firhill, kwawo kwa timu ya Partick Thistle. Amayi amaopa madzi ndi mdima, ndipo manthawo ndi omveka. Palibe amene akunena kuti mtsikana aziyenda yekha m'mbali mwa ngalande 5 koloko ya mu Disembala. Koma pali dziwe losambiramo ku Glasgow Club Maryhill pa Gairbraid Avenue, pali mpira wa Loweruka, pali kutsika basi siteji imodzi isanakwane yakwanu. Mnyamata wina amene anayamba kupalasa njinga kupita kusukulu akuti phunziro loyamba la m'mawa, limene kale ankalimva ngati wailesi ya m'nyumba ya eni, tsopano limalowa.

Pali nkhani imodzi imene ikayamba, kuseka kumachepa. Makolo ambiri kuno amagwira ntchito yosamalira okalamba kapena ya m'chipatala, ndipo mashifiti ausiku ndi amene amalipira bwino. Mayi akachoka 7 koloko madzulo, amene amaphika, kusambitsa ang'ono ake ndi kuwagoneka ndi mwana wamkulu, ndipo kawirikawiri amakhala wamkazi. Akamadzatsegula buku n'kuti ili 10 koloko. Mchimwene wake, amene akulemba mayeso omwewo, amakhala atawerenga kale kapena akusewera gemu. Pa gulu lina la amayi panabuka mkangano ngati mwana wa mayeso azitsuka mbale. Ena anati ntchito zapakhomo siziphetsa, ndipo n'zoona. Kutsuka mbale kumapumitsanso mutu. Koma mayi wina wachikulire anadula nkhaniyo: "Funso si lakuti atsuke kapena asatsuke. Funso ndi lakuti akutsuka ndani tsiku lililonse." Ine ndikuti mnyamata wa zaka 16 amene angathe kuphunzira Chemistry ya Higher angathenso kuphunzira kuvundula nsima, ndipo mlongo wake ali ndi ufulu wogona pa nthawi yake.

Za kawerengedwe kenikeni zimabwera kumapeto, mwina chifukwa ndi zimene timaganiza kuti timazidziwa kale. Mphunzitsi wina wa ku Zambia amene amaphunzitsa masamu mumzinda muno amangobwereza zomwezo kwa kholo lililonse lomufunsa. Kuyang'ana tsamba maola atatu ndi kupaka mizere yachikasu si kuwerenga. Mwana awerenge pang'ono, atseke buku, alembe zimene akukumbukira, kenako aone pamene waphonya. Abwerezenso mawa, ndi mlungu wamawa. Ayese mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, amene amapezeka ulere pa intaneti, wotchi ili patebulo. Apite ku makalasi owonjezera amene sukulu zimachititsa poweruka ndi pa tchuthi cha Isitala. Ngati m'nyumba muli phokoso, laibulale ya Maryhill ili pamsewu waukulu pomwepo, yofunda, yaulere. Malume wina atamva zoti mapepala akale amaikidwa poyera ndi mayankho ake omwe, anatsitsa mawu n'kufunsa ngati limenelo si likasa. Anachita kumulumbirira kuti ndi eni mayeso amene amawaika.

Njira imene inandisangalatsa kwambiri ndi ya mtsikana wina amene amaphunzitsa agogo ake Biology m'Chichewa madzulo alionse. Akalephera kufotokoza mmene mtima umapopera magazi mwakuti agogo amve, amadziwa kuti nayenso sanamvetse, ndiye amabwerera ku buku. Agogowo tsopano amatsutsana ndi aliyense pa nkhani ya mitsempha, ndipo Chichewa cha mdzukulu chawongoka.

Anawo nawonso ali ndi zawo, ukawapeza pamene makolo palibe. Sakana za tulo kapena za phala. Chimene amadandaula ndi china. Mtsikana wina wa S5 anandiuza pakhomo la tchalitchi kuti: "Anti, muwauze azimayi anzanu asamatifunse magiredi pagulu. Ndipo asamatiyerekeze ndi msuweni wa ku Kamuzu Academy amene sitinamuonepo." Mnzake anawonjezera kuti mawu akuti "tinakubweretsa kuno kuti uphunzire" amawamva ngakhale m'maloto. Mwana amene mtima uli m'mwamba sagona, ngakhale foni itagona kukhitchini. Ndinawafikitsira uthengawo amayi anzanga. Ena anakhala chete, wina anati kufunsa ndi chikondi, ndipo namwino uja anati chikondicho chizifunsa kaye ngati mwana wadya.

Mphekesera ya mlungu uno ndi yakuti abambo anayi apangana zoyamba kuyenda ndi ana awo Loweruka lililonse m'mawa, kuchokera pa Maryhill Locks kukafika ku Stockingfield ndi kubwerera, kugwe mvula kusagwe. Asankha kale wapampando, mlembi ndi msungichuma, ndipo akukangana ngati thobwa lizimwedwa ponyamuka kapena pobwera. Loweruka loyamba kunagwa mvula yamphepo. Pamalo okumanirana panafika ana asanu ndi msungichuma yekha, ndipo anayenda ulendo wonse. Wapampando akuti adzafotokoza chimene chinamuchitikira pa msonkhano wa mwezi wamawa.